Masitazi ya kuphunzitsa ana a mphatso: mphunzitsi amakaphunzira chiyani, ndipo zingagwire ntchito m'kalasi ya ku Mzuzu?

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, nkhani imene imadzaza m'zipinda za aphunzitsi ndi m'magulu a WhatsApp kuno ku Mzuzu ndi ya ana amene asankhidwa kupita ku sekondale zikuluzikulu za boma. Pa macheza amenewa sipalephera munthu wonena kuti mwana wanzeru savuta, amadziphunzitsa yekha. N'chifukwa chake aphunzitsi ena amadabwa akaona pa intaneti mayunivesite akunja akulengeza digiri yachiwiri ya kaphunzitsidwe ka ana a mphatso ndi ana aluso lopeka zatsopano. Ena amayesa ndi maphunziro a aphunzitsi a sukulu za anthu opata. Ena amayesa ndi maphunziro omwe aja a ana aulumali, angowasintha dzina. Ena amafunsa moona mtima kuti munthu angathere bwanji zaka ziwiri akuphunzira kuphunzitsa mwana amene akukhoza kale.

Funso lachitatuli ndi lomveka, ndipo kuti tiliyankhe tiyenera kuona zimene zili m'kati mwa maphunzirowa.

## Ndi maphunziro otani

Amene amalowa ndi munthu woti ali kale ndi digiri yoyamba, kawirikawiri ya uphunzitsi, ndipo anagwirapo choko. Pali satifiketi ya makosi anayi kapena asanu, imene mphunzitsi amachita ali pantchito. Pali digiri yachiwiri, imene tonse timangoti masitazi, ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Pamwamba pake pali PhD, ya amene akufuna kukhazikika pa kafukufuku ndi kusula aphunzitsi anzawo.

M'mayunivesite ambiri maphunzirowa ali pansi pa nthambi ya sayikoloje ya maphunziro, sayansi yofufuza mmene munthu amaganizira, amaphunzirira ndi kukulira. Malo odziwika ndi monga University of Connecticut ndi University of Georgia ku America, University of New South Wales ku Sydney, ndi Radboud University ku Nijmegen, m'dziko la Netherlands. Mayina a makosi amasiyana, koma mafunso amene amazungulirapo ndi omwewa: mwana wa mphatso ndi uti, tingamudziwe bwanji osalakwira ana ena, tikamudziwa tisinthe chiyani pa kaphunzitsidwe, ndipo mumtima mwake mukuchitika zotani. Pamwamba pa izi mphunzitsi amaphunzira kachitidwe ka kafukufuku, amayeserera ndi ana enieni woyang'anira akumuona, kenako amalemba pepa yaikulu yomalizira.

Amene amagwirizanitsa nkhaniyi ndi ana aulumali sanaphonye kwenikweni. Mu June 1994 maboma 92 anakumana ku Salamanca, m'dziko la Spain, n'kugwirizana kuti sukulu zizilandira ana onse pamodzi. Potchula ana amene sukulu ziyenera kuwaganizira mwapadera, chikalata cha msonkhanowo chinaika ana aulumali ndi ana a mphatso pamzere umodzi. Chifukwa chake n'chakuti onsewa silabasi ya kalasi yawo siwakwana: wina imamuthamangira, wina imamuchedwetsa. Kwathu kuno maphunziro a aphunzitsi apadera, monga a ku Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, adadziwika kwambiri ndi ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Mwana amene silabasi ikumuchedwetsa sitimukamba kawirikawiri.

## Mwana wa mphatso ndi uti

Kosi yoyamba nthawi zambiri imakhala mbiri ya mkangano pa funso limeneli, ndipo mkanganowo sunathe mpaka lero.

Mu 1905 ku Paris, Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza mayeso ofuna kupeza ana amene akufunika thandizo lapadera kusukulu. Lewis Terman wa ku Stanford University anawasintha mu 1916, ndipo kuyambira nthawi imeneyo nambala yotchedwa IQ inatchuka. Nambalayi imayerekeza mwana ndi anzake amsinkhu wake: wapakati amapeza 100, ndipo amene amafika 130 kapena kuposa ndi pafupifupi awiri pa ana 100 alionse. Mu 1921 Terman anayamba kutsatira moyo wa ana pafupifupi 1,500 a ku California amene anakhoza kwambiri mayesowa. Kafukufukuyu anachotsa maganizo amene anali ofala nthawi imeneyo akuti ana anzeru kwambiri amakhala odwaladwala kapena osokonekera mutu. Ambiri a iwo anakula bwino ndipo anaphunzira kwambiri. Koma ophunzira a masitazi amauzidwanso mbali ina. Ana amene anayezedwa ankayamba atchulidwa ndi aphunzitsi awo, ndipo ambiri anali azungu a m'mabanja opezako bwino. Anyamata awiri amene anayezedwa koma osafika pa mlingo wa Terman, William Shockley ndi Luis Alvarez, anadzalandira mphoto ya Nobel pa sayansi ya fizikisi, mu 1956 ndi mu 1968.

Kuyambira pamenepo akatswiri akhala akukulitsa tanthauzo. Lipoti la Sidney Marland ku nyumba ya malamulo ya America mu 1972 linatchula mbali zisanu ndi imodzi: nzeru za zinthu zonse, kukhoza phunziro limodzi mwapadera, kupeka zatsopano, utsogoleri, luso la zojambula ndi zisudzo, ndi luso la thupi monga la masewero. Mu 1978 Joseph Renzulli wa ku Connecticut anafotokoza mphatso ngati mphete zitatu zolowerana: kuthekera koposa kwa ambiri, kulimbikira pa ntchito imene mwana waikonda, ndi kupeka zatsopano. Kwa iye funso lothandiza ndi lakuti ndi liti, pa chiyani, ndipo pansi pa mphunzitsi wotani pamene mwana amaonetsa zitatuzi pamodzi. Mwana akhoza kuzionetsa pa masamu mu Sitandade 6 n'kusazionetsa pa Chingerezi.

Françoys Gagné wa ku Montreal, mu 1985, anasiyanitsa mphatso yobadwa nayo ndi luso losulidwa. Pakati pa ziwirizi pali zaka za kuphunzira, ndipo zimene zimathandiza kapena kutsekereza ndi khalidwe la mwanayo, anthu omuzungulira, ndi mwayi. Ife a ku Malawi sitivutika kumvetsa zimenezi. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sekondale yoyendera ya kufupi ndi kwawo chifukwa cha kusowa fizi pambuyo pa njala ya 2001 ndi 2002. Anawerenga mabuku a mu laibulale yaing'ono, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ndi ziwiya za njinga. Mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America. Mphatso anali nayo ali m'kalasi, koma chimene chinaionetsa ndi laibulale ija ndi anthu amene anadzaona makinawo.

Tanthauzo limene sukulu yasankha ndi limene limanena ana amene athandizidwe. Ikatsata IQ yokha, ipeza awiri pa 100. Ikatsata Gagné, amene amawerengera khumi pa 100 m'mbali iliyonse, ipeza ambiri ndipo osiyanasiyana. Mphunzitsi wa masitazi amayenera kudziwa chimene tanthauzo lililonse limaona ndi chimene limasiya kunja.

## Kupeka zatsopano kumaphunzitsika?

Mbali iyi ndi imene imasokoneza anthu ambiri, chifukwa tinazolowera kuti luso lopeka ndi la oimba ndi ojambula basi.

Mu 1950 J. P. Guilford anadandaula pamaso pa akatswiri anzake a sayikoloje ku America kuti anyalanyaza kufufuza luso limeneli. Iye anasiyanitsa kuganiza kofuna yankho limodzi lolondola, kumene mayeso ambiri a kusukulu amayesa, ndi kuganiza kotulutsa mayankho ambiri osiyana pa funso limodzi. E. Paul Torrance, amene anadzagwira ntchito zaka zambiri ku Georgia, anatulutsa mayeso ake mu 1966. Mwana amapatsidwa mzere wokhota kuti amalize chithunzi, kapena amafunsidwa ntchito zonse zimene angagwiritse katoni. Wochonga amayang'ana kuchuluka kwa maganizo, kusiyanasiyana kwake, kusafanana ndi a ana ena, ndi mmene mwana wawakometsera. Torrance anaonanso kuti ana ambiri a ku America amatsika pa mayesowa akafika kalasi yachinayi, msinkhu umene mwana amayamba kusamala kwambiri zofanana ndi anzake ndi kupereka yankho limene aphunzitsi akufuna.

Akatswiri amagwirizana kuti chinthu chopekedwa chiyenera kukhala chatsopano komanso chothandiza pa vuto limene lilipo. Kungolankhula zachilendo sikukwana. Pa kosi imeneyi mphunzitsi amaphunzira kufunsa mafunso otseguka, kulekanitsa nthawi yotulutsa maganizo ndi nthawi yowasefa, ndi kuchonga ntchito imene ilibe yankho limodzi. Mwachitsanzo, m'malo mofunsa kuti 6 kuchulukitsa ndi 8 ndi zingati, akhoza kufunsa njira zonse zimene mlimi angadzalire mitengo ya khofi 48 m'mizere yofanana, ndi imene ingayenere munda wa pamtsetse. Masamu ake ndi omwewo a m'silabasi, koma mwana wofulumira ali ndi poti apitirire.

Pali otsutsa amene amati kukhoza mayeso a katoni sikutsimikiza kuti munthu adzapeka kanthu pa ulimi, pa nyimbo kapena pa zamagetsi, popeza kupeka kwenikweni kumafuna kudziwa bwino ntchitoyo poyamba. Yunivesite yabwino imawerengetsa ophunzira ake mbali zonse ziwiri.

## Kuyeza, pamene pagona ngozi yaikulu

Ndikanafunsidwa kosi imodzi imene mphunzitsi wa kuno sayenera kuijomba, ndikanatchula iyi. Mayeso ambiri otchuka anakonzedwa m'Chingerezi, ndipo nambala imene mwana amapeza imachokera poyerekeza ndi ana a ku America kapena ku Ulaya. Taganizirani mwana wa ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo amene kunyumba amalankhula Chitumbuka kapena Chitonga, kuwerenga anaphunzira m'Chichewa, ndipo mayeso akumufunsa m'Chingerezi. Akalephera funso, walephera kuganiza kapena sanamve chiyankhulo? Pepala la mayeso silingatiuze.

Wina anganene kuti tingogwiritsa mayeso a zithunzi opanda mawu. Kafukufuku wa Robert Serpell, amene anadzakhala mkulu wa University of Zambia, amatichenjeza pamenepa. Mu 1979 iye anafalitsa zotsatira za ntchito imene anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England: kutengera maonekedwe a chinthu pogwiritsa waya, pensulo ndi pepala, kapena dongo. Ana a ku Zambia anapambana pa waya, a ku England anapambana pa pensulo, ndipo pa dongo sanasiyane. Luso loona ndi kutengera linali lomwelo. Chosiyana chinali chipangizo chimene manja a mwana anazolowera. Aliyense amene waonapo anyamata akupanga galimoto zamawaya zokhota ndi chiwongolero sangadabwe. Serpell ndi anzake anadzakonza mayeso otchedwa Panga Munthu, pamene mwana amaumba munthu ndi dongo ndipo amayerekezedwa ndi ana anzake a ku Zambia.

Serpell yemweyo, m'zaka za m'ma 1970, anafunsa akuluakulu a m'midzi ya Achewa ku Katete kuti pakati pa ana a m'mudzi angasankhe uti pa ntchito zofuna nzeru, ndipo chifukwa chiyani. Anapeza kuti akuluakuluwo sankayang'ana kuchenjera kokha. Ankayang'ananso ngati mwanayo ndi wotumika ndi wodalirika, ndipo ana amene iwo ankasankha sanali kwenikweni amene ankakhoza mayeso ake. Mphunzitsi amene wabwera ndi masitazi adzakumana ndi makolo oganiza chimodzimodzi, ndipo ndi bwino awamvetsere, chifukwa iwo amamuona mwana m'malo amene sukulu simuona.

Vuto lina ndi la mayeso amene ali ndi denga. Sikelo yopimira chimanga ikamathera pa makilogalamu 50, thumba la 52 ndi thumba la 90 onse muvi umaima pamalo amodzi. Ana asanu akapeza 100 pa mayeso a teremu a Sitandade 5, sitidziwa amene wangokwanitsa za kalasiyo ndi amene angathe za Fomu 1. Julian Stanley wa ku Johns Hopkins University anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kupatsa ana a zaka 12 ndi 13 mayeso olowera ku koleji, opangidwira achinyamata omaliza sekondale. Ana amene ankaoneka ofanana anasiyana kutali. Njirayi ndi yotsika mtengo: mapepala akale a kalasi yapamwamba alipo kale m'kabati ya ahedi.

Nanga ndani ayezedwe? Tikadikira kuti aphunzitsi kapena makolo atchule mayina, amatchulidwa ana aukhondo, omvera, olankhula Chingerezi chabwino, ndi amene makolo awo amafika kusukulu. David Card ndi Laura Giuliano anafalitsa mu 2016 zimene zinachitika m'dera lina lalikulu la ku Florida pamene, kuyambira 2005, ana onse a kalasi yachiwiri anayamba kuyezedwa popanda kudikira kutchulidwa. Chiwerengero cha ana osauka, ana akuda ndi ana olankhula Chisipanishi amene anapezeka kuti ndi a mphatso chinakwera kwambiri. Anawo analipo kale, koma panalibe wowatchula.

Pali gulu linanso losavuta kuliphonya: mwana amene ali ndi mphatso komanso ulumali kapena vuto la kuphunzira. Akhoza kukhala wosaona wa ku Ekwendeni amene amawerengera masamu m'mutu mofulumira, wosamva wa ku Embangweni waluso lokonza zinthu, kapena mwana amene amafotokoza bwino pakamwa koma kulemba kumamukanika. Nthawi zina mphatso imabisa vutolo, vutolo n'kubisanso mphatsoyo, mwana n'kumaoneka wapakatikati. Pa zifukwa zonsezi, lamulo limene makosi amenewa amabwereza ndi lakuti chigamulo chisachokere pa mayeso amodzi. Pafunika ntchito zimene mwana wapanga, zimene mphunzitsi waona kwa nthawi, zimene makolo anena, ndi mwayi woyezanso chaka china.

## Ukamupeza, umatani naye

Zimene timachita kawirikawiri tikuzidziwa. Mwana akamaliza msanga timamupatsa masamu ena khumi ofanana ndi oyamba, kapena timamutuma kulemba mayina a olongolola, kapena kuthandiza anzake tsiku ndi tsiku. Kuthandiza anzake n'kwabwino ndithu, koma tsiku likatha iye sanaphunzire chatsopano. Leta Hollingworth, amene anaphunzitsa ndi kufufuza ana otere ku New York m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, anaona kuti nthawi yawo yambiri m'kalasi imangotayika, ndipo ena amazolowera ulesi kapena kuyamba kuvuta.

Njira yoyamba imene mphunzitsi amaphunzira ndi kufupikitsa silabasi. Mutu usanayambe, amapereka mayeso aafupi. Mwana amene waonetsa kuti akuudziwa kale sabwereza, ndipo nthawi imene yapulumukayo imapita ku ntchito ina yokonzedwa bwino. Sally Reis ndi anzake ku Connecticut anapeza mu 1993 kuti aphunzitsi a pulayimale anatha kuchotsa pakati pa 40 ndi 50 peresenti ya ntchito ya ana otere popanda kutsitsa zotsatira zawo. Izi zinali m'makalasi a ku America, aang'ono poyerekeza ndi athu, ndiye nambalayo tisaitenge ngati lonjezo.

Njira yachiwiri ndi kulemeretsa maphunziro, ndipo Renzulli anaigawa patatu mu 1977. Choyamba ana onse amaonetsedwa zinthu zimene sizili m'buku: kuitana mlimi wa khofi, katswiri wa ku malo ofufuzira zaulimi a Lunyangwa, kapena kupita ku nyumba yosungira zakale ya mumzinda muno. Chachiwiri amaphunzitsidwa njira zogwirira ntchito, monga kufunsa mafunso, kuyeza, kulemba zimene aona. Chachitatu, amene chidwi chawagwira amafufuza vuto lenileni n'kukapereka zotsatira kwa anthu enieni. Kuno kumene mvula imagwa mpaka mu April, ana angapo akhoza kuyeza mvula ndi mabotolo teremu yonse, kujambula mapu a malo amene madzi amasefukira pafupi ndi sukulu, n'kukaonetsa komiti ya sukulu. Ena akhoza kulemba vidokoni, nthano zimene agogo awo amasimba, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, kuti ana a Sitandade 2 aziwerenga. Ubwino wa njirayi ndi wakuti khomo loyamba ndi lotsegukira kalasi yonse, ndipo mwana amadzionetsa ndi ntchito yake.

Njira yachitatu ndi kufulumizitsa. Ambiri timangodziwa kudumphitsa kalasi, koma lipoti limene linatuluka ku University of Iowa mu 2004 linatchula mitundu 18, kuphatikizapo kulola mwana kukaphunzira phunziro limodzi lokha m'kalasi yapamwamba n'kubwerera kwa anzake. Olemba lipotilo, ataunika kafukufuku wa zaka zambiri, anati kufulumizitsa kochitika mosamala kumathandiza pa maphunziro ndipo kawirikawiri sikuwononga ubale wa mwana ndi anzake. Mawu ofunika ndi akuti mosamala. Mphunzitsi amaphunzira kuyang'ana ngati mwanayo akufuna, ngati mphunzitsi womulandira ali wokonzeka, ngati m'kalasi yatsopanoyo muli mkulu wake, ndi mipata imene ingatsale m'maphunziro. Kuno pali funso lina loonjezera: mwana wa zaka 11 akasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, kutali ndi kwawo, adzatha kudzisamala pakati pa anyamata ndi atsikana akuluakulu?

Za mumtima zili ndi kosi yakeyake. Mwana akhoza kuganiza ngati wa zaka 14 koma kulira ngati wa zaka 8, chifukwa ndi wa zaka 8. Wina amaopa kulakwa mpaka kukana ntchito iliyonse yovuta. Wina, makamaka mtsikana akamasinkhuka, amabisa dala zimene akudziwa kuti asanenedwe kuti ndi wodzimva. Herbert Marsh anaonetsa kuyambira m'ma 1980 kuti mwana amadziyeza poyang'ana anzake a m'kalasi, kotero amene anali nambala wani kwawo akhoza kudziona wolephera akafika pa sukulu ya osankhidwa okhaokha, ngakhale nzeru zake sizinasinthe. Aphunzitsi a Fomu 1 pa Mzuzu Government kapena pa Marymount akhoza kukumana ndi mwana wotere chaka chilichonse.

## Pamene anthu amasiyana maganizo

Mu 1994, pulayimale itakhala yaulere, ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mpaka lero sukulu zambiri zikulimbana kuti zifike pa mlingo wa boma wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Amene amakayikira maphunziro a ana a mphatso amayambira pomwepa. Amati dziko limene ana ambiri akuvutika kuwerenga liyenera kuika mphamvu zake pa iwowo, ndipo kupatula ana ochepa kumakomera mabanja amene ali kale patsogolo. Amaopanso dzina lenilenilo loti mwana wa mphatso, kuti likhoza kutukumula wina ndi kufooketsa otsala.

Ochirikiza amayankha kuti mwana wa bambo wolemera adzapeza mabuku ndi aphunzitsi apadera zivute zitani, ndipo amene amataya sukulu ya boma ikapanda kuchitapo kanthu ndi mwana wa mphatso wa m'banja losauka. Amatinso njira monga mayeso a mutu usanayambe ndi mafunso otseguka zimakweza kalasi yonse.

Palinso kusiyana pa malo ophunzirira. Malawi anayesa njira ya sukulu yapadera pamene Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981 kuti izitenga ana okhoza kwambiri ochokera m'maboma onse, ndipo kasankhidwe ka MANEB ndi unduna kopita ku sekondale zosiyanasiyana ndi kupatula kwa mtundu womwewo. Njirayi imasonkhanitsa ana ofanana liwiro ndi zipangizo pamalo amodzi. Koma imadalira mayeso a masiku ochepa kumapeto kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo siikhudza mwana wa Sitandade 3 kapena amene wapita ku CDSS. Njira yothandiza mwana m'kalasi yake yomwe imafikira ambiri, koma imasenzetsa katundu mphunzitsi amene ali kale ndi makope osachonga. Digiri sithetsa mkanganowu. Imapatsa mphunzitsi umboni wa mbali zonse kuti akamalankhula ndi ahedi, a PEA kapena makolo adziwe chimene chinayesedwapo.

## Njira ya mphunzitsi wa kuno

Mphunzitsi wa pulayimale amene ali ndi satifiketi ya ku TTC ayenera kuyamba wapeza digiri yoyamba. Mzuzu University, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1997 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1999 ku Luwinga, inayamba ndi maphunziro a uphunzitsi, ndipo University of Livingstonia nayo imasula aphunzitsi. Amene ali kale ndi digiri ali ndi njira ziwiri. Akhoza kuchita masitazi ya maphunziro konkuno, n'kusankha ana a mphatso ngati mutu wa kafukufuku wake, bola apeze womuyang'anira wachidwi ndi nkhaniyo. Kapena akhoza kufunsira ku yunivesite yakunja imene ili ndi makosi athunthu, kupita komweko kapena kuphunzira pa intaneti. Thandizo la ndalama monga Chevening ndi Commonwealth la ku Britain, ndi Fulbright la ku America, limalengezedwa chaka ndi chaka ndipo opikisana amakhala ambiri. Chevening imafuna munthu amene wagwira ntchito zaka zosachepera ziwiri.

Musanalipire kalikonse, funsani ku National Council for Higher Education ngati yunivesiteyo ndi pepala lake zidzavomerezedwe kuno. Kambiranani ndi olemba ntchito anu za tchuthi chophunzirira, ndipo mumve kwa iwo eni ngati digiriyo idzawerengedwe pa kukwezedwa, chifukwa pepala palokha silitsegula udindo watsopano. Amene akuganiza za pa intaneti awerengere mtengo wa mabandulo, kuzima kwa magetsi, ndi kusiyana kwa nthawi: kalasi ya madzulo ku America imagwa pakati pa usiku kuno.

Makosi ena a ku America amathera nthawi yambiri pa malamulo a maboma a komweko, amene sakutikhudza. Gawo limene lingapindulire Mzuzu kwambiri ndi kafukufuku womalizira. Mphunzitsi akhoza kufufuza ngati kufupikitsa silabasi kungatheke m'kalasi ya ana 90, kapena kuyerekeza ana amene aphunzitsi amawatchula ndi amene makolo ndi anzawo amawatchula, kapena kuona ngati mwana yemweyo amakhoza mosiyana funso likafunsidwa m'Chitumbuka, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Kafukufuku wokhudza ana amafuna chilolezo cha komiti ya yunivesite, cha akuluakulu a maphunziro m'boma, ndi cha makolo m'chiyankhulo chimene amamva. Wofufuza ayeneranso kukonzeratu chimene chidzachitikire mwana amene wapezeka kuti ali patsogolo, kuti asangouzidwa n'kusiyidwa pa benchi lomwelo. Choncho polemba kalata yofunsira malo, funsani yunivesiteyo ngati idzakulolani kuchita zoyeserera ndi kafukufuku m'kalasi yanu yomwe, m'ziyankhulo za ana anu, komanso amene adzakuyang'anireni pa ntchitoyo muli kuno.